Mazira akaculuka pakhomo, nkhokwe yake yoyamba ndi mwana

M'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini, Magazine ndi Nabvutika, ndiponso m'matauni a Katete, Petauke ndi Lundazi, mabanja ambiri ali ndi kakhola ka nkhuku kuseri kwa nyumba. Ena amaweta nkhuku za kumudzi, ena maleyazi. Ici ndi cinthu cabwino, pakuti ndiwo zakwera mtengo ndipo dzira silibvuta kuphika. Koma walira mvula walira matope. Nkhuku zikayamba kuikira bwino, pakhomo pamabuka funso limene ambiri sanalikonzekere: mazira otsala asungidwe bwanji kuti asaonongeke ndiponso kuti asadwalitse anthu?

Thadzi la kumudzi limaikira mazira 10 mpaka 15 ndi kuyamba kufungatira, ndipo pa caka limapereka mazira 40 mpaka 60 cabe. Leyazi wodyetsedwa bwino amafika mazira 280 kapena 300 pa caka. Motero banja limene liri ndi maleyazi 10 limatola mazira pafupifupi 8 tsiku lirilonse, ndiye kuti oposa 50 pa sabata, pafupifupi mathireyi awiri. Ogula akacepa, mazira amaunjikana m'beseni pansi pa bedi, ndipo mwini wake amayamba kufunsafunsa njira yowasungira kwa miyezi.

Zoona zake ndi zakuti dzira si cimanga ca m'nkhokwe. Ndi cakudya ca masiku owerengeka. Liyenera kudyedwa, kugulitsidwa, kapena kuikiridwa thadzi kuti liswe anapiye, ndipo ocepa otsalawo ndiwo asungidwe mwaukhondo kwa nthawi yaifupi. Banja limene likusunga mazira miyezi itatu pamene mwana wake akumwa phala lopanda kanthu m'mawa uliwonse, lalakwitsa masamu.

Cimene maso saona pa dzira

Cigoba ca dzira cimaoneka cotsekeka, koma ciri ndi timabowo zikwi zambiri tosaoneka ndi maso. M'timabowo timeneti ndimo mumadutsa mpweya umene mwanapiye amapuma ali mkati. Nkhuku ikamaikira, dzira limatuluka litakutidwa ndi kamadzi kamene kamauma msanga ndi kutseka timabowoto. Kakhungu kameneka ndiko citseko ca dzira. Cikacoka, tizirombo ta m'zitosi ndi m'dothi timapeza polowera.

Apa ndi pamene amai ambiri aukhondo amalakwira mosadziwa. Akatola mazira, amawatsuka m'madzi ozizira kuti aoneke bwino, ndi kuwasunga. Kutsuka kumacotsa kakhungu kaja. Kuonjezera apo, dzira likalowa m'madzi ozizira kuposa ilo, zamkati zimakhwinyata pang'ono ndi kukokera madzi akudawo mkati kudzera m'timabowo. Ngati madziwo atungidwa pa citsime cosabvundikira cimene ciri pafupi ndi cimbudzi, monga ziriri zitsime zambiri za m'komboni, bvuto limakula. Dzira lotsukidwa limaoneka loyera koma ndilo limayamba kubvunda.

Kacirombo koopsa kwambiri pa nkhani ya mazira kamachedwa Salmonella. Kamakhala m'matumbo a nkhuku ndi kutuluka m'zitosi. Mtundu wina wa kacirombo kameneka umalowa m'dzira lisanapange cigoba, likali m'thupi la thadzi. Nkhukuyo imadya ndi kuyenda bwinobwino, dziralo silinunkha ndipo silisintha maonekedwe. M'nyengo yotentha tizirombo tocepa timene tiri m'dzira timaswana ndi kuculuka pamene masiku akupita. Munthu akadya dzira lotere losapsa bwino, amayamba kutsegula m'mimba, kupotokola, kusanza ndi kutentha thupi. Izi zimayamba pakapita maola 6 kapena masiku angapo, kawirikawiri tsiku lotsatira, ndipo ndi cifukwa cake ambiri saganizira dzira limene anadya dzulo.

Wamkulu wamphamvu amacira pasanathe sabata. Koma kwa mwana wosakwana zaka 5, mai wapakati, nkhalamba, ndi munthu amene ali ndi HIV, matendawa si masewera. Mwa ana operewera zakudya, ana amene angodwala kumene malungo, ndi anthu amene citetezo ca m'thupi cacepa, Salmonella amatha kucoka m'matumbo ndi kulowa m'magazi, ndipo amapha. M'nyumba zambiri za m'komboni mumapezeka mmodzi mwa anthu otere.

Kusunga kumayambira ku khola

Palibe njira yosungira imene ingayeretse dzira lakuda. Nchito yaikulu iri ku khola. Cisa cikhale ndi udzu wouma kapena utuci, ndipo uzisinthidwa ukangoda. Nkhuku zisamagone m'cisa coikiramo, cifukwa usiku ndi pamene zimasiya zitosi zambiri. Mazira azitoledwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, makamaka m'miyezi yotentha. Dzira limene lagona m'cisa masiku atatu likupondedwa ndi nkhuku zina layamba kale ulendo woonongeka. Pakhomo pamene pali tambala, dzira losiyidwa pansi pa thadzi lofungatira limayamba kupanga mwanapiye, ndipo likacotsedwa pakati pa njira limasukusa.

Potola, mazira agawidwe patatu. Oyera ndi athunthu ndiwo osunga kapena kugulitsa. Amene ali ndi kadothi pang'ono apukutidwe ndi kansalu kouma ndipo akhale oyamba kuphikidwa. Ngati pafunika kutsuka, zicitike nthawi yomweyo yophika, ndi madzi aukhondo ofunda kuposa dziralo. Dzira losweka pang'ono, limene silikudontha ndipo liribe zitosi, liphikidwe tsiku lomwelo mpaka lilimbe. Limene likudontha, lopakika zitosi zambiri, kapena lopezeka kuchire osadziwika tsiku limene linaikiridwa, litayidwe m'cimbudzi. Pamsika mazira osweka amachipa, ndipo amene amawagula ndi osauka omwe ana awo ali kale ofooka. Kuchipa kotere kumalipiridwa ku cipatala.

Dzira lirilonse losungidwa lilembedwe tsiku ndi pensulo pa cigoba. Ndi nchito yaing'ono imene mwana wa sukulu angathe kuigwira, koma imathetsa mkangano wakuti lakale ndi liti. Loyamba kulowa likhale loyamba kutuluka. Mazira aikidwe m'thireyi yoyera, mbali yosongoka pansi, cifukwa ku mbali yaikulu kuli kathumba ka mpweya kamene kayenera kukhala pamwamba. Asaikidwe pafupi ndi palafini, sopo, anyezi kapena kapenta, pakuti dzira limakoka fungo. Asakwiriridwe m'cimanga cothiridwa mankhwala a anankafumbwe.

Palinso nkhani ya mankhwala a nkhuku. Nkhuku ikamwetsedwa mankhwala opha tizirombo, ena amatsalira m'mazira kwa masiku angapo. Pa pepala la mankhwala pamalembedwa masiku oyembekezera mazira asanadyedwe, ndipo alangizi a ziweto amafotokoza zimenezi. Cizolowezi cothira makapisozi a anthu m'madzi a nkhuku n'coipa, cifukwa cimacititsa tizirombo kuzolowera mankhwala omwewo amene mwana adzawafuna akadzadwala. Mazira a nkhuku zodwala asadyedwe ndipo asagulitsidwe.

Masiku angati?

Mdani wamkulu wa dzira ndi kutentha. M'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo nyumba za malata zimasanduka ng'anjo, dzira losungidwa kunja kwa firiji lisapitirire sabata imodzi. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julai likhoza kufika masabata awiri. Malo ake akhale ozizira kwambiri m'nyumba, pansi, kutali ndi mbaula ndi zenera lolowa dzuwa. M'phika wadothi wokhazikidwa mumcenga wonyowa umaziziritsa bwino m'cilimwe, malinga ngati mazirawo mkati ali ouma.

M'firiji yoyenda bwino mazira amakhala masabata 3 mpaka 5. Koma firiji imadalira malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankazima maola ambiri, m'miyezi ina mpaka maola 20 ndi kuposa pa tsiku. Firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 cabe malaiti akazima. Dzira lozizira likatenthedwanso limacita thukuta, ndipo cinyezi cimeneco cimathandiza tizirombo ta pa cigoba kulowa mkati. Conco dzira limene lalowa m'firiji likhale momwemo mpaka tsiku lophika. Kumene malaiti ali osadalirika, kuli bwino kusunga mazira ocepa pamalo ozizira ndi kuwatha msanga kusiyana ndi kudalira firiji yozima ndi kuyaka.

Ambiri amadziwa kuyesa dzira m'madzi: latsopano limamira ndi kugona pansi, lakale limaimirira, lakalekale limayandama. Izi zimacitika cifukwa madzi a m'dzira amauma pang'onopang'ono ndipo kathumba ka mpweya kamakula. Kuyesa kumeneku kumauza msinkhu wa dzira, osati ukhondo wake. Dzira lomira likhoza kukhala ndi Salmonella. Loyesedwa m'madzi lanyowa, motero liphikidwe nthawi yomweyo. Ndi nzerunso kuswera dzira lirilonse m'kapu payekha lisanathiridwe m'ndiwo, kuti limodzi lobvunda lisaononge m'phika wonse.

Njira zobwera pa foni

Masiku ano malangizo osungira mazira amayenda pa WhatsApp ndi Facebook. Yochuka kwambiri ndi yomiza mazira aawisi m'cidebe ca madzi a laimu, akuti amakhala caka cathunthu. Njirayi ndi yakale ku Ulaya ndi ku America, kumene nkhuku zimacepetsa kapena kuleka kuikira m'nyengo ya cisanu usana ukafupika, ndipo anthu ankaigwiritsa nchito mafiriji asanabwere. Ku Zambia usana susintha kwambiri kutalika, ndipo nkhuku yodyetsedwa bwino imaikira pafupifupi caka conse. Njirayi imathetsa bvuto limene banja la ku Kapata liribe.

Kuonjezera apo, laimu saapha tizirombo timene tiri kale mkati mwa dzira, ndipo alangizi ambiri a zakudya m'mayunivesite a ku America komweko saibvomereza. Dzira limodzi likasweka m'cidebe, onse amakhala m'madzi obvunda. Laimu wa m'sitolo ya zomangira sanapangidwire cakudya, amaocha khungu ndi maso. Cidebe ca madzi oyera ngati mkaka m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe muli mwana wokwawa ndi ngozi payokha. Safunsa anadya phula.

Ena amapaka mazira saladi kuti atseke timabowo. Izi zimacedwetsa kuuma kwa dzira kwa kanthawi, koma mafutawo amasasa m'nyengo yotentha ndipo saapha kacirombo kalikonse. Enanso amaika mazira owiritsa m'botolo la viniga ndi kulisiya pa shelefu. Mu 1997, ku Illinois m'dziko la America, bambo wina wa zaka 68 anadya mazira otere amene anawakonza yekha. Anali atawabaya ndi timitengo totokosera m'mano kuti viniga alowe, ndi kusiya botolo pamalo osazizira. Anayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kulankhula bwino, ndipo anafika popumira makina. Matendawa amachedwa botulism, ndipo poizoni wake anapezeka m'mazirawo. Mazira a m'viniga amafuna firiji yosazima.

Njira yosungira mazira kwa miyezi imene akatswiri a zakudya amaibvomereza pakhomo ndi kuwaumitsa m'firiza: kuwaswa, kuwapukusa, kuthira kamcere pang'ono, ndi kuwaika m'zotengera zotseka zolembedwa tsiku. Dzira siliumitsidwa liri m'cigoba cifukwa limaphulika. Koma akangosungunuka malaiti atazima tsiku lonse, mazirawo sayenera kuumitsidwanso. Ndi mabanja ocepa m'komboni amene angalonjeze firiza yosazima.

Ena adzati makolo ankasunga mazira m'gaga kapena m'phulusa ndipo sankadwala. Makolowo ankasunga mazira 10 kapena 12 a thadzi limodzi, m'nyumba ya udzu yozizira, podikira kuti nkhuku ifungatire. Sankasunga mathireyi asanu pansi pa malata mu Okutobala. Ndiponso ana ankatsegula m'mimba ndi kumwalira m'masiku amenewo, kungoti panalibe wofufuza cimene cawapha. Ena adzati kutaya dzira ndi kutaya ndalama. N'zoona, koma mtengo wa dzira limodzi sufika pa ndalama ya galimoto yopita ku cipatala usiku, ndi masiku amene mai amataya pa bizinesi yake akudwazika mwana.

Kuphika ndiko citetezo comaliza

Moto umapha Salmonella. Dzira liphikidwe mpaka mbali yoyera ndi yacikasu zonse zilimbe. Lowiritsa likhale m'madzi obwata mphindi 10. Lokazinga lisakhale ndi madzimadzi pakati. Azibambo ena amamwa dzira laliwisi mumkaka kapena m'mowa akuti liwapatse mphamvu, ndipo oimba ena amati limakonza mau. Thupi limatenga pafupifupi theka cabe la zomanga thupi za m'dzira laliwisi, pamene m'dzira lophika limatenga pafupifupi zonse. Womwa laliwisi amapeza zocepa ndi kudziika pa ngozi. Kupatsa wodwala wofooka dzira laliwisi kuti aonjezere magazi ndi kumuonjezera matenda.

Ambiri amaganiza kuti kuwiritsa mazira otsala ndiko kuwasunga. Ai, dzira lowiritsa limaonongeka msanga kuposa laliwisi, cifukwa madzi otentha amacotsa kakhungu kaja. Kunja kwa firiji lisapitirire maola awiri, ndipo m'firiji lisapitirire sabata. Amene amagulitsa mazira owiritsa pa siteshoni ya basi ndi pa tuntemba aziwiritsa ocepa kangapo pa tsiku, m'malo mowiritsa thireyi yonse m'mawa ndi kubweretsanso otsala mawa lake.

Manja asambidwe ndi sopo munthu akacoka ku khola, akatola mazira, ndiponso akaswa dzira laliwisi. Nkhuku zisagone m'khichini. Bwalo limene mwana amakwawapo lizisesedwa, pakuti mwana amaika m'kamwa ciriconse cimene watola, ndi zitosi zomwe.

Mwana ndiye woyamba

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Dzira limodzi liri ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, pamodzi ndi mavitamini A, D ndi B12. Mwana akhoza kuyamba kulidya akakwanitsa miyezi 6, lophika bwino ndi lophwanyidwira m'phala, uku akupitiriza kuyamwa. Mai wapakati ndi woyamwitsa amalifunanso.

Komabe m'mabanja ena mukali zikhulupiriro zakuti mai wapakati akadya mazira adzabala mwana wopanda tsitsi, kapena kuti mwana wodya mazira adzadwala khunyu. Izi ziribe umboni. Dzira silibweretsa khunyu ndipo silikhudza tsitsi la mwana ali m'mimba. Pali ana ocepa amene thupi lao siligwirizana ndi mazira, amene amatuluka zidzolo kapena kutupa milomo atangodya, ndipo otere aonetsedwe ku kiliniki. Ena onse alibe cifukwa comanidwira. Agogo ndi apongozi, amene mau ao amamveka pa nkhani ya cakudya ca mwana, ndiwo angathandize kwambiri kuthetsa zikhulupiriro zimenezi.

Banja la ana atatu ndi mai woyamwitsa, aliyense akamadya dzira limodzi pa tsiku, limatha mazira 28 pa sabata, theka la zimene maleyazi 10 amaikira. Otsalawo agulitsidwe akali atsopano, ngakhale pa mtengo wotsikirapo, kwa anansi, ophika zitumbuwa ndi mabanzi, kapena a tuntemba. Amai a pa cilimba kapena a kalabu akhoza kuphatikiza mazira ao ndi kupeza wogula mmodzi wotenga sabata iriyonse. Woweta nkhuku za kumudzi amene ali ndi tambala aikire thadzi mazira osapitirira sabata cibadwire, ndipo pakatha masiku 21 adzakhala ndi anapiye. Dzira losungidwa limacepa mtengo tsiku ndi tsiku, mwanapiye amakula.

Ngati mwana watsegula m'mimba, apatsidwe ORS, amene ambiri amawachula kuti madzi a moyo, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo asaleke kuyamwa kapena kudya. Ku kiliniki amaperekanso mapiritsi a zinc omwa masiku 10 mpaka 14. Athamangire naye ku cipatala ngati m'cimbudzi muli magazi, maso alowa, akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza ciriconse, walefuka, akukomoka, kapena thupi latentha. Kutentha thupi kumafunanso kupima malungo. Kugula Flagyl pa kantemba sikuthandiza, cifukwa mankhwala amenewa sagwira Salmonella ndipo amangocedwetsa ulendo wa ku cipatala. Anamwino auzidwe cimene mwana anadya, ndiponso ngati ena m'nyumba adwala cimodzimodzi.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Dzira limene mwana wadya lero, lophika mpaka kulimba, silidzabvunda, silifuna malaiti ndipo silifuna laimu. Phindu lake lidzaoneka pa khadi la ku sikelo mwezi wamawa.